Harry Ricardo, munthu amene anatchera khutu kugogoda kwa injini

Amene anayendetsapo galimoto yakale ya petulo amakadziwa kaphokoso aka. Mukukwera chitunda, giya ili yaikulu, mwaponda mafuta mpaka pansi, ndiye mu injini mumamveka ngati wina akugwedeza misomali m'chitini. Mukatsitsa giya, kamaleka. Uku si kunoka kuja amanena amakaniko, injini ikauma oyilo zitsulo n'kugwirana. Chimene chikugogoda apa ndi moto weniweniwo, umene wayaka mosalongosoka m'kati mwa silinda.

Zaka zoposa 100 zapitazo, kaphokoso kameneka kanawaimitsa mitu opanga mainjini onse. Ankadziwa kuti injini ikamapanikiza kwambiri mpweya ndi petulo zisanayake, imapereka mphamvu zambiri pa mafuta ochepa. Koma akangoti awonjezere kupanikizako, injini inkayamba kugogoda, n'kutentha, mwinanso n'kuboola pisitoni. Chimene chinkachitika m'katimo palibe ankachidziwa bwinobwino, poti motowo umayaka m'chitsulo chotsekeka n'kutha munthu asanaphethire. Mngelezi wina, Harry Ricardo, anathera zaka pafupifupi 60 pa nkhani imodzi yomweyi: moto umayenda bwanji m'silinda, ndipo munthu angaulamulire motani. Dzina lake simungalipeze pa boneti ngati la Ford kapena la Benz, chifukwa galimoto imene anayesa kupanga yekha sinayende malonda. Iye ankagulitsa nzeru kwa eni mafakitale.

Anabadwira ku London pa 26 January 1885, m'banja lopeza bwino. Bambo ake, Halsey Ricardo, anali katswiri wojambula mapulani a nyumba. Agogo ake a kuchikazi, Sir Alexander Rendel, anali injiniya wotchuka wa madoko, milatho ndi njanji, makamaka za ku India. Banjali linali pa ubale ndi David Ricardo, katswiri wa zachuma uja. Agogowa anagula galimoto mu 1898, nthawi imene anthu ambiri ku England anali asanaionepo n'komwe, ndipo mdzukulu wawo, amene anali atazolowera kale kugwira zida m'kashedi ka bambo ake, anapeza chidole choposa zonse. Sukulu anakaphunzira ku Rugby, ndipo mu 1903 analowa Trinity College ku Cambridge.

Ku Cambridge kunali mpikisano wa ophunzira mu 1904: njinga yamoto ya ndani iyende mtunda wautali pa petulo wopitirira pang'ono lita imodzi. Ricardo anabwera ndi njinga yopanga yekha, yolemera kuposa za anzake, yosaoneka bwino, koma inayenda mamailosi 40, omwe ndi makilomita pafupifupi 64, n'kupambana. Chofunika kwambiri pa zaka za ku Cambridge sichinali mpikisanowo ayi, koma munthu amene anamuona ali nayo njingayo n'kumuitana kuti adzamuthandize m'labotale: Pulofesa Bertram Hopkinson.

Hopkinson anali atakonza chipangizo cha kagalasi chimene chinkajambula mmene mphamvu ya mpweya ikukwerera ndi kutsikira m'silinda injini ili pa liwiro. Pa nthawiyo anthu ambiri ankati kugogoda kumabwera chifukwa petulo wayaka msanga, pulagi isanathetheke, atakhudzana ndi kachitsulo kotentha kwambiri kapena mwaye wofuka m'silinda. Zimenezo zimachitikadi. Koma Hopkinson ankakayikira zoti ndiye gwero lake. Mizere imene chipangizo chija chinkajambula inkasonyeza kuti m'injini yogogoda moto umayamba bwinobwino pa nthawi yake, ndipo chisokonezo chimadza chakumapeto. Iye ankaganizanso kuti mlandu wina uli ndi mafutawo. Ricardo anachoka ku Cambridge ali ndi maganizo amenewa m'mutu, ndipo pambuyo pake ndi amene anawatsimikiza ndi miyeso.

Apa tiime kaye kuti tione chimene chimachitika, chifukwa popanda kuchimvetsa ntchito yake yonse ingooneka ngati mndandanda wa mayina a mainjini.

Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo, pafupifupi magalamu 15 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mavalavu amatseka, pisitoni n'kukwera, kukanikizira zonsezo m'kamalo kakang'ono pamwamba. Pulagi imathetheka, lawi n'kuyamba pamenepo kumafalikira mbali zonse ngati moto wa tchire, kumadya mpweyawo pang'onopang'ono kuchokera pa pulagi kukafika m'mphepete. Mpweya umene wapsa kale umafufuma, ndiye umakankha ndi kufinya umene sunapse, uja uli kutali ndi pulagi. Mpweya wotsalirawo ukamafinyidwa umatentha, ndipo tizigawo ta petulo timayamba kusweka n'kumagwirana ndi okosijeni lawi lisanafike. Ndiye pali mpikisano. Lawi likafika msanga, zonse zimapsa mwadongosolo ndipo pisitoni imakankhidwa bwino. Likachedwa, mpweya wotsalirawo umaphulika wokha nthawi imodzi. Kuphulikako kumatumiza mafunde amene amawomba makoma a silinda uku ndi uku, ndipo ndiko kulira kumene timamva kunja. Mafundewo amasesanso kampweya kozizirirapo kamene kamakuta chitsulo, choncho kutentha kumalowa m'pisitoni mwachindunji. Zikapitirira, m'pamene tizitsulo tina timafiira n'kuyamba kuyatsa petulo nthawi isanakwane. Anthu akale aja ankaona mwana n'kumuyesa kholo: kuyaka msanga nthawi zambiri kunkabadwa kuchokera ku kugogoda.

Chifukwa cha vutoli, mainjini a nthawi imeneyo ankapanikiza mpweya pafupifupi kanayi kokha. Ford Model T inali pamenepo. Injini ya petulo ya masiku ano imapanikiza ka 10 kapena kuposa. Kusiyana kumeneku ndiye gawo lalikulu la chifukwa chimene kainjini kakang'ono ka lero kamaposera mphamvu chiinjini chachikulu cha 1910 koma kakumwa mafuta ochepa.

Atamaliza maphunziro, Ricardo anakalowa ntchito ku kampani ya agogo ake, kumayendera ndi kuyesa makina opita ku ntchito za zomangamanga. Mtima unali kwina. Pamodzi ndi wachibale wake Ralph Ricardo anali ndi kakampani ku Shoreham-by-Sea, m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, kopanga galimoto yotchedwa Dolphin. Magalimotowo anagulidwa ochepa kwambiri ndipo kampaniyo inagwa patangopita zaka zowerengeka. Chodabwitsa n'chakuti injini yake anaikonda ndi asodzi a m'deralo, poti inkatha kuyenda mwapang'onopang'ono kwa nthawi yaitali osazima, zimene munthu wokoka ukonde amafuna. Mu 1911 anakwatira Beatrice Hale, ndipo anabereka ana aakazi atatu. Madzulo ndi masiku opuma ankapitiriza kuyesa mainjini m'kashedi kunyumba.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndi imene inamutulutsa m'kashedimo. Akasinja oyamba a Britain, amene analowa m'nkhondo ku Somme, m'dziko la France, mu September 1916, anali ndi injini ya Daimler ya mphamvu za mahatchi 105. Inali yofooka pa chigalimoto cha matani pafupifupi 28, ndipo inkawotcha oyilo n'kumatulutsa utsi wabuluu umene unkaulula kwa adani pamene kasinja ali. Ricardo anapemphedwa kukonza ina. Malamulo ake anali othina: ikwane pamalo pomwe panali yakaleyo, igwire ntchito ngakhale kasinja atapendekeka polowa ndi kutuluka m'maenje, iyendere petulo wachabechabe amene asilikali a pansi ankapatsidwa, ndipo asadalire aluminiyamu kapena chitsulo chapamwamba chifukwa zimenezo zinali za ndege. Anakonza injini ya masilinda 6 ya mahatchi 150. Pothana ndi utsi anabwereka nzeru ya mainjini a nthunzi: anaika pisitoni pa kandodo kachitsulo kotsetsereka m'njira yakeyake, kotero kuti oyilo wa pansi sankafika kumene kuli moto. Makampani angapo, ambiri a ku Manchester ndi madera ozungulira monga Crossley, Gardner ndi Mirrlees, anagawana ntchito yoipanga, ndipo mainjini a Ricardo a akasinja anapangidwa oposa 8,000. Ndi amene anayendetsa akasinja a Mark V pa nkhondo za ku Hamel ndi ku Amiens mu 1918. Chaka chomwecho, mu August, Hopkinson anafa pa ngozi ya ndege imene ankaiyendetsa yekha, asanaone kumene funso lake lija linakathera.

Nkhani imene ine ndimaiona kuti ndi phata la moyo wa Ricardo inachitika m'nthawi ya nkhondo yomweyo, ndipo ndi ya mafuta. Masiku amenewo petulo ankamuyesa ndi kulemera kwake. Wopepuka, wouluka msanga, ndiye ankatchedwa wabwino. Wolemera ankatchedwa wachabe. Zinali zomveka ndithu kwa munthu wovutika kuliza injini m'mawa wozizira, koma za kugogoda muyesowo sunkanena chilichonse. Ricardo anadandaula za mafuta a akasinja kwa Robert Waley Cohen, mkulu wa kampani ya Shell, ndipo uyu anamutumizira mitundu yosiyanasiyana ya petulo kuti aiyese. Mtundu umodzi unaposa yonse kutalitali: injini inkalola kupanikizidwa kwambiri osagogoda. Unali wochokera ku Borneo. Petulo ameneyu anali wolemera kuposa muyeso umene ogula ankafuna, moti wochuluka ankangomutentha komweko ngati zinyalala. Mafuta abwino koposa pa msika wonse ankapserera pabwalo chifukwa choti anthu ankayesa chinthu cholakwika.

Chinsinsi cha petulo wa ku Borneo chinali chakuti anali ndi toluene wambiri ndi mankhwala ena a mtundu wa benzene. Tizigawo ta mafuta amenewa n'tolumikizana mozungulira ngati mphete, ndipo sitisweka msanga tikatenthedwa. Tizigawo tautali towongoka ngati chingwe ndi timene timafulumira kuphulika tokha. Nkhondo itatha, Shell inapereka ndalama zoti nkhaniyi ifufuzidwe mozama. Mu 1919 Ricardo anamanga labotale yake ku Shoreham, imene mapulani ake anajambula ndi bambo ake, ndipo anakokera ku ntchitoyi anzake awiri: Henry Tizard, katswiri wa kemisitiri wa ku Oxford, ndi David Pye. Awiriwa anafufuza za nthawi imene mpweya wosakaniza ndi mafuta umadikira usanayake wokha ukapanikizidwa mwadzidzidzi. Ricardo anakonza chida choyesera: injini ya silinda imodzi, yotchedwa E35, imene munthu ankatha kukweza kapena kutsitsa silinda yake injini ikulira, n'kumasintha kapanikizidwe mpaka kugogoda kutayamba kumveka. Mafuta alionse anapeza nambala yake, yosonyeza pamene amalekezera kupirira. Poyerekezera, Ricardo anatenga toluene kukhala pamwamba pa sikelo, petulo wochotsedwa mankhwala a mphete aja n'kukhala pansi.

Anthu ena polemba za iye amati ndi amene anayambitsa nambala ya octane, ija imalembedwa pa mapampu a petulo, 91, 95 kapena 98. Kumeneko n'kuwonjezera. Sikelo ya octane inachokera kwa Graham Edgar wa ku America, amene cha m'ma 1926 ndi 1927 anasankha mankhwala awiri oyera: iso-octane, wopirira kwambiri, anamupatsa 100, ndipo heptane, wogogoda msanga, anamupatsa 0. Petulo wa 95 ndi amene amagogoda mofanana ndi msakanizo wa magawo 95 a iso-octane ndi magawo 5 a heptane. Sikelo ya Edgar inali yabwino kuposa ya toluene chifukwa mankhwala onse awiri ankatha kupangidwa mofanana kulikonse, ndipo amawira pa kutentha pafupifupi kofanana. Cha Ricardo ndi njira yake: kuyesa mafuta m'injini yeniyeni yosinthika kapanikizidwe, khutu lili tcheru. Mpaka lero nambala ya octane imapezedwa motero, pa injini ya silinda imodzi imene kampani ya ku America ya Waukesha inayamba kupanga mu 1929.

Ku America vuto lomweli analithetsa mwachidule. Mu December 1921, Thomas Midgley wa ku General Motors anapeza kuti kadontho ka mankhwala a mtovu m'petulo kamaletsa kugogoda, ndipo mu 1923 petulo wa mtovu anayamba kugulitsidwa. Anali wotchipa, ankagwiradi ntchito, ndipo anafala dziko lonse. Mtengo wake weniweni unadzaoneka m'magazi ndi mu ubongo wa ana okulira m'mphepete mwa misewu. Dziko lomaliza, Algeria, linasiya kugulitsa petulo wa mtovu wa magalimoto mu 2021. Sindikunena kuti njira ya mankhwala a mphete inali yoyera, pakuti benzene nayenso amayambitsa khansa ya m'magazi ndipo lero amachepetsedwa kwambiri m'petulo. Kungoti kaphokoso ka m'chitini kaja kanali kokwera mtengo chonchi, moti anthu analolera kumwaza poizoni kwa zaka pafupifupi 100 kuti akatseke pakamwa.

Mafuta anali theka la yankho. Theka lina linali kufulumizitsa lawi kuti lipambane mpikisano uja, ndipo apa pali masamu ena osangalatsa. Petulo wosakaniza ndi mpweya atangokhala phee, lawi limayendamo mtunda wosakwana theka la mita pa sekondi. Titenge silinda ya masentimita 8 m'mimba mwake, pulagi ili pakati: lawi liyenera kuyenda masentimita 4, ndipo pa liwiro limenelo lingatenge pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Koma injini yozungulira ka 3,000 pa mphindi imazungulira ka 50 pa sekondi. Ndiye kuti lawi lisanafike kukhoma, injini yazungulira kale kasanu. Kunena zoona, injini yothamanga sinayenere kutheka n'komwe. Chimene chimaipulumutsa n'chakuti mpweya wa m'silinda sukhala phee. Umalowa mwaliwiro, uli piringupiringu, ndipo kuvundukako kumakwinya lawi, kulipinda ndi kulitambasula, mpaka malo amene likudya mpweya achuluke kambirimbiri. Injini ikathamanga, mpweya umavunduka kwambiri, lawi nalo n'kuthamanga. Injiniya wa ku Scotland, Dugald Clerk, anali atazionetsa kale zimenezi: anasiya injini izungulire kangapo mavalavu ali otseka kuti mpweya udekhe, ndipo atayatsa moto unayenda mwaulesi. Hopkinson nayenso anayesapo ndi kachokupizira mphepo m'botolo lachitsulo.

Ricardo anatenga chidziwitso chimenechi n'kuchiumba m'chitsulo. Magalimoto ambiri a nthawiyo anali ndi mavalavu m'mbali mwa silinda, chifukwa injini yotero inali yotchipa ndi yosavuta kukonza. Koma chipinda chake choyakiramo moto chinali chachitali, chaphwatalala, lawi n'kumayenda ulendo wautali, choncho inkagogoda msanga. Mu 1919 iye anakonza hedi, chivundikiro cha pamwamba pa silinda, ya mtundu wina. Anasonkhanitsa chipinda chonse pamwamba pa mavalavu, pulagi n'kuiika chapakati pake, ndipo mbali ya hedi yoyang'anizana ndi pisitoni anaitsitsa mpaka kutsala kampata kochepetsetsa. Pisitoni ikafika pamwamba, imafinya mpweya wa m'kampatako n'kuulavulira m'chipinda muja mwamphamvu, zonse n'kuvunduka pa nthawi yeniyeni imene moto ukuyamba. Kampweya kotsalira m'kampata, kaja kakanaphulika kokha, kamakhala kopanikizika pakati pa zitsulo ziwiri zozizirirapo, ndiye sikatentha mokwanira. Chinthu chimodzi chinagwira ntchito ziwiri, ndipo fakitale sinafunike kugula makina atsopano koma kungosintha chikombole cha hedi. Makampani ambiri ku Ulaya ndi ku America anaitengera, kuphatikizapo Waukesha ndi Harley-Davidson. M'zaka zomwezo anakonzera Triumph njinga yamoto ya mavalavu anayi, imene inatuluka mu 1921, ndiponso injini ya mpikisano ya Vauxhall ya 1922. Buku lake la za mainjini la mavoliyumu awiri la 1922 ndi 1923 linakhala pa matebulo a mainjiniya kwa mibadwo ingapo, ndipo mu 1929 anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku Britain.

Kenako anatembenukira ku dizilo, kumene nkhani imatembenuzika. M'injini ya petulo, kuyaka kokha kwa mafuta ndi mdani. M'injini ya dizilo ndiye moyo wake: mulibe pulagi yothetheka, mpweya wokha umapanikizidwa mwina ka 16 mpaka ka 22 kufikira utatentha kwambiri, mafuta n'kupoperedwamo, n'kuyaka okha. Injini ya Rudolf Diesel, imene inayamba kugwira ntchito mu 1897, inali chimphona choyenda pang'onopang'ono, choyenera m'sitima za pamadzi ndi m'mafakitale. Kuti ilowe m'basi kapena m'lole inayenera kuchepa ndi kuthamanga, ndipo pamenepo vuto linali la nthawi. M'injini ya petulo mafuta ndi mpweya zimalowa zitasakanikirana kale. M'ya dizilo, dontho lililonse liyenera kusanduka nthunzi, kupeza mpweya wake ndi kuyaka, zonsezo m'kanthawi kochepa kwambiri. Dontho limene silinapeze mpweya limasanduka mwaye, ndiwo utsi wakuda uja.

Ricardo anagawa kuyaka kwa dizilo m'magawo atatu, ndipo mabuku ophunzitsira amatsatabe kagawidwe kameneka. Poyamba pali kanthawi kodikira, mafuta akulowa koma sanayake. Kenako onse amene aunjikana m'kanthawiko amayaka nthawi imodzi, ndipo ndiko kukhokhoma kumene injini ya dizilo imadziwika nako, makamaka ikazizira. Pomaliza, otsalawo amayaka mmene akulowera, molamulidwa ndi pampu. Kudikira kukatalika, kuphulika kumakula. N'chifukwa chake mafuta abwino a dizilo ndi oyaka msanga, aja omwe angakhale oipitsitsa m'injini ya petulo.

Yankho lake pa kusakaniza linali lakuti, ngati mafuta akulephera kufunafuna mpweya, mpweya ndiwo upite kwa mafuta. Mu 1931 anatulutsa chipinda chotchedwa Comet: kamphako kozungulira ngati mpira m'kati mwa hedi, kolumikizidwa ku silinda ndi kakhwalala kolowera cham'mbali. Pisitoni ikamakwera imakankhira mpweya wambiri m'kamphakomo kudzera m'kakhwalala, ndipo mpweyawo umazungulira ngati kamvuluvulu. Mafuta akapoperedwa, mpweya watsopano umadutsa pa iwo mosalekeza. Moto ukayamba, zonse zimalavukira m'silinda n'kukamalizira kupsa kumeneko. Ubwino wake unali wakuti kamvuluvuluyo amakula pamodzi ndi liwiro la injini, ndipo sipafunika pampu yamphamvu kwambiri kapena nozo ya timabowo ting'onoting'ono tovuta kupanga. Kampani ya AEC inaika Comet m'mabasi a ku London. Citroën inaiika m'galimoto yake ya Rosalie, imodzi mwa magalimoto ang'onoang'ono oyambirira a dizilo, Mercedes-Benz isanatulutse 260 D yake mu 1936. Chipindachi chinakonzedwa kangapo, ndipo mtundu wake wachisanu unalowa m'mainjini a Land Rover, a Peugeot ndi ena ambiri. Kwa zaka pafupifupi 50, magalimoto ang'onoang'ono a dizilo ochuluka ankayendera Comet kapena chinthu chofanana nayo.

Inalinso ndi chilema chake. Kukankha mpweya m'kakhwalala kothina kumadya mphamvu, ndipo makoma a kamphako amaba kutentha. Motero injini ya Comet imamwa mafuta ochulukirapo kusiyana ndi yopopera mafuta m'silinda mwachindunji, ndipo m'mawa siilira popanda mapulagi otenthetsera. Mapampu amphamvu ndi makompyuta owongolera kapoperedwe atabwera, makamaka njira ya common rail, ya paipi imodzi yosunga mafuta opanikizidwa kwambiri a manozo onse, imene inayamba m'magalimoto ang'onoang'ono mu 1997, Comet inasiyidwa. Ndipo pali funso limene m'nthawi ya Ricardo linali lisanakule: moto wotentha bwino, wosunga mafuta, ndi womwewo umene umagwirizanitsa nayitrojeni ndi okosijeni kupanga mpweya wowononga mapapo. Ukauziziritsa kuti mpweya woipawo uchepe, mwaye umachuluka. Ofufuza a masiku ano akulimbanabe ndi chingwe chokokanachi, ndipo mu 2012 nthambi ya World Health Organization yofufuza za khansa inaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Pa mainjini a ndege, Ricardo analosera chinthu chimene chinakwaniritsidwa theka. Ankaona kuti valavu yotulutsira utsi, imene imafiira ndi kutentha, ndi imene imayambitsa kugogoda ndipo idzaika malire pa mphamvu za injini. Cha m'ma 1927 analimbikitsa kuti mavalavu achotsedwe, m'malo mwake mukhale chitsulo chonga paipi chotsetsereka pakati pa pisitoni ndi silinda, chokhala ndi mabowo otseguka ndi kutseka chikamayenda. Roy Fedden wa kampani ya Bristol anamumvera, ndipo atavutika zaka zambiri ndi kapangidwe kake anatulutsa injini ya Hercules, imene inapangidwa yoposa 57,000, kenako Centaurus. Napier Sabre ya ndege za Typhoon ndi Tempest inalinso yotero. Koma malire aja sanafike pamene iye ankaganizira. Mavalavu okhala ndi sodium m'kati anayamba kuzizira bwino, ndipo petulo wa octane 100, amene ndege zankhondo za Britain zinayamba kugwiritsa ntchito mu 1940, analola Rolls-Royce Merlin ya mavalavu wamba kukwera mphamvu chaka ndi chaka. Tingati kafukufuku wake yemwe wa mafuta ndi amene anafooketsa ulosi wake wa mavalavu. Injini ina imene anaiikira mtima kwambiri, Rolls-Royce Crecy, inathetsedwa mu 1945 isanaulukepo, chifukwa injini ya jeti inali itafika. Ricardo sanaikane jetiyo: anthu ake anathandiza Frank Whittle, amene anayambitsa injini ya jeti ku Britain, pa zida zowongolera kayendedwe ka mafuta ndege ikamakwera kumene mpweya uli wochepa. Tizard ndi Pye, anzake a kafukufuku wa Shell uja, pa nthawiyi anali akuluakulu a zasayansi m'boma, ndipo onse anali ndi dzanja pa kuvomereza ntchito ya Whittle.

Anakhala pulezidenti wa bungwe la mainjiniya la Institution of Mechanical Engineers mu 1944, ndipo mu 1948 mfumu ya Britain inamupatsa ulemu wa Sir. Anapitiriza kupita ku labotale ya ku Shoreham mpaka m'zaka za m'ma 1960, atayandikira zaka 80. Kampani yotchedwa dzina lake inakhalabe pamalo pomwepo, ikugwira ntchito yomwe ija yoyesa ndi kukonza mainjini a makampani ena, kawirikawiri popanda wogula galimoto kudziwa. Anamwalira pa 18 May 1974 ali ndi zaka 89.

Kugogodako sikunathe. Opanga mainjini a petulo amakankhirabe kapanikizidwe kufupi ndi malire, makamaka pa tiinjini tating'ono ta turbo, chifukwa kumeneko n'kumene mafuta amasungika. Chimene chinasintha ndi womvetsera. Pa buloko ya injini ya masiku ano pamamangidwa kasensa kamene kamamva kunjenjemera kwa chitsulo. Kakangomva kaphokoso kaja m'silinda ina, kompyuta imachedwetsa pang'ono kuthetheka kwa pulagi ya silinda imeneyo, kenako n'kumakubwezera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka kaphokoso katayambanso. N'chifukwa chake dalaivala wa galimoto yatsopano akathira petulo wa octane yotsika samva misomali m'chitini. Amangoona kuti galimoto yafooka pa chitunda ndipo thanki yatha msanga.